Zipangizo za Pakhomo Pothandiza Wodwala Sitiroko



Ntchito yoyendera odwala timaidziŵa: timanyamula ufa, nkhuni ndi sopo. Lero tikambirane za wodwala amene watuluka ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, atafa ziŵalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Nthendayi imadza pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo kaŵirikaŵiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi. Ubongo ukavulala kumanzere, mkono ndi mwendo zakumanja ndizo zimafooka.

Kuno kwathu, ku Satemwa, ku Conforzi, ku Makandi ndi ku Naming'omba, chuma cha banja chili m'zala. Mayi amene ankathyola masamba aŵiri ndi kansonga tsiku lonse, dengu lili kumsana, akalephera kugwira ngakhale supuni, mtima wake umasweka kuposa thupi. Ife pomumvera chisoni timamuchitira zonse, ndipo dzanja logona lija limauma.

M'dziko muno ntchito yothandiza olumala idakula pamene bungwe la MACOHA lidakhazikitsidwa mu 1971, ndi la Malawi Against Polio mu 1979. Akatswiri ophunzitsa odwala kudzichitira okha ntchito za tsiku ndi tsiku ali ndi lamulo limodzi loyamba: funsani mwini wake. "Mayi, kodi mufuna kuyamba kuchitanso chiyani?" Wina ayankha kuti kudya yekha, wina kumanga chitenje, wina kupita kuchimbudzi popanda womunyamula. Yankho lakelo ndilo poyambira, pakuti munthu amalimbikira chimene mtima wake wasankha.

Tsono zipangizo zake tili nazo kale.

Choyamba, kudya. Kulungani chigwiriro cha supuni ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chinenepe, zala zofooka zithe kuchigwira. Yalani kansalu konyowa pansi pa mbale kuti isaterereke. Wodwala adye atakhala chowongoka, osati chogona, kuwopa kutsamwa.

Chachiŵiri, zala. Mpatseni lichero asankhe nyemba, atong'ole chimanga, aumbe dothi la mtapo, kapena atsine mapegi pa chingwe. Ayambe ndi zazikulu monga mbatata, pambuyo pake nyemba, potsiriza mpunga. Nyemba zimenezo muphike tsiku lomwelo, aone kuti wadyetsa banja.

Chachitatu, kuvala. Mkono wofooka uyambe kuloŵa m'malaya, ndipo povula utuluke pomalizira.

Chachinayi, kuyenda. Abambo azike mitengo ya bulugama, amangepo nsungwi ziŵiri zolimba zofika m'chiuno, kuti wodwala aziyenda pakati atagwira. Mpando wakale wobooledwa pakati, woikidwa pa dzenje la chimbudzi, umamubwezera ulemu wake.

Chenjezo nali, amayi. Musamudzutse pomukoka mkono wofooka, chifukwa phewa limaguluka, mugwireni m'chiuno. Amene sangathe kudzitembenuza, mutembenuzeni pakapita maola aŵiri aliwonse kuti asachite zilonda. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asasiye kumwa, ndipo tsiku lobwerera ku chipatala lisaphonyeke, pakuti lichero sililoŵa m'malo mwa dokotala. Mukaona munthu pakamwa papotoka, mkono wagwa, mawu sakumveka, musataye nthaŵi kufufuza amene wamulodza: thamangirani naye ku chipatala.

Kuchira kumafulumira m'miyezi yoyambirira, choncho tisadikire. Komabe kumafuna chipiriro. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Si onse adzabwerere kumunda wa tiyi, koma ambiri angathe kudya, kuvala ndi kusamba okha.

Pempho langa ndi ili: gulu lililonse lisankhe amayi aŵiri oyendera wodwala wotere sabata ndi sabata. Pofika, afunse chimene akufuna, akhale pansi, ndipo amulole achite yekha.