Wothandiza wa pa Dziwe la Koleji

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito imene ambiri a ife sitinaione ndi maso, ndiyo ya wothandiza mphunzitsi wa kusambira pa koleji. Ndasankha nkhaniyi cifukwa ndimamva anyamata ena alikudandaula kuti, "Ine ndine wothandiza cabe, dzina langa silimveka." Anyamata otere ndifuna amve mbiri ya munthu wina wa ku America, dzina lace James Counsilman.

Poyamba ndilongosole nchitoyo. Ku America makoleji akuru ali ndi maiwe omangidwa m'kati mwa nyumba, ndipo ophunzira amapikisana pa kusambira monga ife ticita ndi mpira. Gulu liri lonse liri ndi mphunzitsi wamkuru, ndipo pansi pace pali omthandiza. Wothandizayo afika pa dziwe mbanda kuca, ophunzira asanalowe m'kalasi. Aima m'mbali mwa madzi ndi wochi m'dzanja, nalemba m'buku nthawi ya wosambira ali yense. Apenyetsetsa umo dzanja lilowera m'madzi ndi umo miyendo imenyera. Afunafuna ana a sukulu odziwa kusambira kuti adze ku koleji yace, ndiponso aonetsetsa kuti osambira asalephere maphunziro ao, pakuti wolephera saloledwa kupikisana. Tsiku lopambana nyuzipepala zichula wosambira ndi mphunzitsi wamkuru, koma wothandiza sachulidwa kawirikawiri.

Counsilman anabadwa mu 1920 ku Alabama, nakulira mu mzinda wa St. Louis. Anali katswiri wa kusambira pa Ohio State University, koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inadula maphunziro ace, ndipo anapita kukayendetsa ndege zoponya mabomba ku Ulaya. Atabwerako anatsiriza maphunzirowo mu 1947. Ngakhale anali wochuka pa kusambira ndi pa nkhondo pomwe, anabvomera kugwira wochi pansi pa anthu ena, poyamba ku University of Illinois, pambuyo pace ku University of Iowa.

Ku Iowa mphunzitsi wamkuru anali David Armbruster, amene anagwira nchitoyo kuyambira 1917 kufikira 1958. Mkuru ameneyu sanali kukhulupirira maso okha iai. Anali kujambula osambira ali pansi pa madzi, kuti aone cimene ciwafulumiza ndi cimene ciwacedwetsa. Wothandiza wace anapenya zonsezi, nayesa yekha kufufuza umo mkono ukankhira madzi, kufikira mu 1951 analandira digiri ya udokotala wa maphunziro. Cifukwa cace anthu anamucha "Doc" moyo wace wonse. Mmodzi wa osambira a ku Iowa a zaka zimenezo, Bowen Stassforth, anatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olympics ku Helsinki mu 1952.

Akuru anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'caka comweco ca 1952 Counsilman anapatsidwa gulu lacelace pa koleji yaing'ono ya Cortland, m'cigawo ca New York. Kumeneko anapeza mnyamata George Breen, amene kusambira kwa mpikisano sanali kukudziwa bwino. Patapita zaka 4, ku Melbourne mu 1956, Breen anasambira mamita 1,500 mofulumira koposa munthu ali yense kufikira tsikulo, nabwera kwao ndi mamendulo 3.

Mu 1957 Counsilman anasamukira ku Indiana University, ndipo zimene anaziona ali wothandiza ndizo anazikuza kumeneko. Anajambula osambira ace pansi pa madzi monga anacitira Armbruster. Anaimika koloko yaikuru pambali pa dziwe, kuti wosambira ali yense aziwerenga yekha nthawi yace ndi kudziwa popumula ndi poyambanso. Gulu lace linapambana makoleji onse a ku America zaka 6 zotsatana, kuyambira 1968 kufikira 1973. Mark Spitz, amene anatenga mamendulo 7 a golidi ku Munich mu 1972, anali wophunzira wace. Mu 1976 ku Montreal Counsilman anatsogolera amuna a ku America, ndipo pa mipikisano 13 anapambana 12. Buku lace, The Science of Swimming, linatuluka mu 1968. Mu 1979, ali ndi zaka 58, anaoloka nyanja ya pakati pa England ndi France posambira. Anamwalira mu 2004.

Tsono ndisakunyengeni, abale anga. Si wothandiza ali yense amene afika pamene anafika munthu ameneyu. Ambiri akalamba ali othandiza, malipiro ao ali ocepa, ndipo mphunzitsi wamkuru akacotsedwa iwonso kawirikawiri nchito iwathera. Koma zindikirani cinthu cimodzi. Pamene Counsilman anapatsidwa gulu lace ku Cortland, sanayambe tsiku lomwelo kuphunzira nchito. Anali ataidziwa kale, pa zaka zija anaima m'mbali mwa dziwe la munthu wina ndi wochi ndi buku.

Iwe mnyamata amene unyamulira mmisiri zipangizo, kapena ulembera wina m'ofesi, usakhale ndi manyazi. Penyetsetsa manja a mkuru wako, funsa cifukwa cace acita motero, ndipo cimene wauzidwa ucisunge. Sindikulonjeza kuti adzakukweza. Koma akadzafuna munthu, akupeze uli wodziwa.