NJIRA YA KU JONI NDI UDINDO WA MPINGO PA DZIKO LIMENE LAFUPIKA



Mwandipempha kuti ndilankhule za kulumikizana kwa maiko, kumene kwachititsa kuti malonda, ndalama, nkhani ndi anthu ziziyenda pa dziko lonse ngati kuti malire kulibe. Nkhaniyi ndi yaikulu, ndipo ine ndaisankhira njira imodzi yokha imene tonsefe tiidziwa, ndiyo njira ya ku Joni. Ambiri ayesa kuti kulumikizanaku kudafika ndi lamya za m'manja. Kunena zoona, kudafika m'midzi mwathu kale agogo athu ali anyamata.

Golide atapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, eni migodi adasowa manja okumba, ndipo adayang'ana kumpoto. Kuno boma la atsamunda lidaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pamene ndalamayo kumudzi kunalibe. Chotero amuna adanyamuka, ena ndi Wenela kunka ku migodi ya ku South Africa, ena ndi Mthandizi kapena pa magalimoto a Ulere kunka ku mafamu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, enanso ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Golide amene iwo adakumba anali kukagulitsidwa ku London, ndipo mtengo wake unali kuikidwa ndi anthu amene sadamvepo dzina la Dedza kapena Ntcheu. Mau akuti "mtchona" adabadwira m'masiku amenewo, ndipo mpaka lero tikawatchula timakumbukira mkazi wodikira ndi ana osadziwa nkhope ya atate ao.

Pofika m'chaka cha 1973, Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, ndi kupha anthu oposa 70, ochuluka a iwo Amalaŵi obwerera kwao. Dr. Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba anthu ntchito ya ku migodi, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi. Kulembako kudayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma ndi anthu ochepa, kufikira kudatheratu m'chaka cha 1988. Atate anga anali mmodzi wa obwerera aja. Adafika ndi njinga, wailesi ndi sutikesi ya zovala, ndipo mudzi wonse udabwera kudzaona. Adafikanso ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi chimene sichidawasiye mpaka tsiku limene tidawaika m'manda. Ndalama zao ndizo zidandiphunzitsa sukulu. Choncho sindingaime pano ndi kunena kuti ulendowo unali woipa wokhawokha, ndiponso sindinganene kuti unali wabwino wokhawokha. Akulu adati walira mvula walira matope.

Wenela adatha, koma njira sidatsekeke. Lero ana athu akwera basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo atsikana ali pakati pao pamodzi ndi anyamata. Chowachotsa kumudzi ndi chomwe chija, ndicho kusowa kwa ndalama chifukwa cha zinthu zochitikira kutali. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka m'chaka cha 2022, mitengo ya feteleza ndi mafuta idakwera pa dziko lonse. M'mwezi wa May chaka chomwecho mphamvu ya kwacha ya Malaŵi idatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Mlimi amene sadziwa kumene kuli Ukraine adangoona kuti thumba la feteleza lamthawa. Munda wopanda feteleza ubala pang'ono, nkhokwe ikatha msanga mnyamata amaganiza za basi.

Zabwino zilipo ndithu. Ndalama zimene kale zinali kutenga miyezi kuti zifike, lero zifika pa lamya tsiku lomwelo. Nyumba za malata zamangidwa, ana aphunzira, ndipo ngakhale matchalitchi ena afoleredwa ndi zopereka za ana athu a kunja. Koma mnyamata wa masiku ano apita wopanda pangano la ntchito, kawirikawiri wopandanso mapepala omuyenereza kukhala kumeneko, ndipo akadwala kapena akaponderezedwa alibe kodandaula. M'mwezi wa May 2008 anthu oposa 60 adaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi alendo. Mu April 2015 zidabukanso ku Durban, ndipo boma la Malaŵi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Katundu ndi ndalama zidutsa malire mosavuta, koma munthu wosauka akadutsa malire omwewo amasanduka wopalamula.

Tisafulumire kuloza chala anzathu a kumwera. Mu October 2022 mitembo pafupifupi 30 ya anthu ochokera ku Ethiopia idapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Iwonso anali pa njira ya ku Joni, ndipo adafera pakati pathu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kwakhala othawa kwao kuyambira m'chaka cha 1994. Ife amene tidandaula za ana athu ku Johannesburg, kodi alendo amenewa tiwayang'ana ndi maso otani? Makolo athu adalandira abale a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo ya kwao, nagawana nao minda ndi zitsime. Mtima umenewo tisautaye, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Buku la Rute litionetsa mbali zonse ziwiri. Banja la Naomi lidachoka ku Betelehemu kunka ku Moabu chifukwa cha njala, ndipo pambuyo pake Rute Mmoabu adakhala mlendo ku Betelehemu, nakunkha m'munda wa Boazi. Mpingo uli ndi a Naomi ake ndi a Rute ake, ndipo uyenera kusamala onse. Makolo athu m'chikhulupiriro adazindikira zimenezi. M'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok adatumidwa ku Salisbury kukaweta anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito kumeneko, ndipo pa ntchito imeneyo padabadwa mipingo imene lero ili Sinodi ya Harare. Iwo adatsata nkhosa kumene zidapita.

Chifukwa chake ndiika pamaso pa Sinodi zinthu zinai. Choyamba, mpingo uliwonse ukhale ndi kaundula wa akhristu ake amene ali kunja, ndipo wochoka apatsidwe kalata yomudziwitsa ku mpingo wa kumene akupita. Chachiwiri, abusa ndi akulu a mpingo aphunzitse achinyamata poyera za pasipoti, za chilolezo cha ntchito ndi za anthu onyenga amene amalonjeza ntchito kunja. Chachitatu, madikoni ndi amai a chigwirizano ayendere mabanja otsala, pakuti maukwati ambiri akutha mwakachetechete. Chachinai, masinodi athu alembetsane ndi kuthandizana pa maliro, pa matenda ndi pa milandu ya anthu athu, popeza malire a maboma si malire a mpingo.

Mtengo wa golide kapena wa feteleza sitingauike ndife. Koma tingathe kuonetsetsa kuti mwana wobatizidwa m'tchalitchi mwathu asasowe mbusa pa Beitbridge, ndi kuti mlendo asafe m'nkhalango mwathu ife tili chete. Ndipempha kuti mfundo zinaizi zikambidwe m'makomiti msonkhano uno usanathe.