Geji ya kutentha kwa injini ikamanama: ipimeni musanagule chilichonse

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa anzathu ogwira ntchito mongodzipereka analankhula kwa madalaivala ndi achinyamata ophunzira umakaniko kuno ku Tongogara. Tawalemba muno kuti amene sanathe kubwera awerenge.

 

Ndapemphedwa kuti ndikugawireni zimene ndinaphunzira pa miyezi 6 imene ndinali ku Gweru. Zambiri sindingazimalize lero, choncho ndasankhapo chimodzi: geji ya kutentha kwa injini, ija ili pa dashibodi, yokhala ndi C mbali ina, H mbali ina, ndi kasingano pakati. Ndasankha imeneyi chifukwa magalimoto amene amatithandiza kuno ambiri ndi akale. Ndi omwewo amanyamula ufa, ndi omwewo timawathamangira usiku mwana akadwala. Kuno kuchigwa cha Save kumatentha, ndipo galimoto ikachoka pa Tanganda kulowera ku Chipinge imakwera mtunda wautali. Injini ikapsa panjira imeneyo, mwini galimoto walira, wodwala amene ali m'katimo waliranso.

Ndinkaphunzira ku Mkoba, komboni yaikulu ya ku Gweru imene mbali zake amazitchula ndi manambala, Mkoba 1, Mkoba 6, Mkoba 12, choncho. Galaja yake inali ya panja, pansi pa mtengo. Mwini wake ndi achikulire amene bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Shurugwi, masiku amenewo akuti Selukwe. A Chichewa otere ndi ambiri ku Shurugwi, ku Kwekwe, ku Redcliff ndi ku Zvishavane, ndipo kuyambira 2013 malamulo aakulu a Zimbabwe amawerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Choncho ine ndinaphunzira sipanala m'chilankhulo chathu. Tinkawaitana kuti amalume. Pagalajapo pankabwera ma Mazda 323, ma Nissan Sunny, ma Peugeot 504 ndi makombi a Toyota Hiace. Lamulo la amalume linali limodzi: singano ikachita zachilendo, usaikhulupirire ndipo usainyoze. Yamba wapima.

Kuti tipime bwino, tidziwe kaye mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Pali zinthu zitatu zokha. Choyamba ndi sensa, kachitsulo kamkuwa komangidwa pa injini pafupi ndi pamene pamakhala thermostat, nsonga yake ili m'madzi a injini. Chachiwiri ndi waya wochoka pa sensa kupita ku dashibodi. Chachitatu ndi geji yeniyeniyo. Magetsi amachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi, kulowa mu geji, kutsika ndi waya uja mpaka pa sensa, kenaka kulowa m'chitsulo cha injini kubwerera ku batire. Njira yobwerera kudzera m'chitsulo ndi imene amakaniko amati ethi. Sensa ili ngati chipata cha madzi m'dimba lothirira. Injini ikazizira chipata chimatseguka pang'ono, magetsi amadutsa ochepa, singano imagona pa C. Injini ikamatentha chipata chimatseguka kwambiri, magetsi amachuluka, singano imakwera. Mukagwira mfundo imeneyi, zonse zimene ndinene zikhala zosavuta.

Funso loyamba si la magetsi ayi. Funso loyamba ndi lakuti: kodi injini ikutenthadi? Yambani m'mawa injini ili yozizira. Tsegulani chivundikiro cha radiyeta muone ngati madzi ali odzaza. Onani lamba wa fani ngati ali wolimba, onani mapaipi ngati sakudontha. Kenaka tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, koma osaliza injini. Ngati galimoto yagona usiku wonse koma singano yathamangira pa H nthawi yomweyo, injini ilibe mlandu. Chitsulo chozizira sichingawiritse madzi. Vuto lili ku magetsi.

Ngati singano ili pa C monga kuyenera, lizani injini. Gwirani paipi yaikulu ya pamwamba yopita ku radiyeta, manja ndi malaya zili kutali ndi fani, pakuti fani ya magetsi imayamba yokha popanda kuchenjeza. Paipiyo iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka itenthe mwadzidzidzi. Pamenepo ndiye kuti thermostat yatseguka, ndipo zambiri zimatseguka pa madigiri 82 mpaka 88. Nthawi imeneyo singano iyenera kukhala itafika chapakati. Ngati paipi yatentha mwadzidzidzi chotero koma singano idakali gone pa C, geji ikunama. Koma ngati paipi ikufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi ndipo singano ikukwera pang'ono chabe, mwina geji ikunena zoona: thermostat inakanirira yotseguka, kapena wina anaichotsa. Ku Mkoba tinkapeza magalimoto ambiri ochotsedwa thermostat poganiza kuti akuchiza kutentha. Injini yotero imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo chimene chinkaitenthetsa chija chimakhala chikadalipo.

Tsopano kupima kwenikweni, kumene sikufuna ndalama. Zimitsani injini, kiyi akhale woyatsa nyali za pa dashibodi. Mnzanu akhale m'kati akuyang'ana singano. Inu zulani waya pa sensa. Singano iyenera kugwera pa C, chifukwa mwadula njira ya magetsi. Ikakhalabe pa H, ndiye kuti waya wakhudzana ndi chitsulo penapake asanafike pa sensa, kapena geji yafa. Tsatani wayayo ndi zala kuyambira pa injini mpaka pamene amabowola kulowa ku dashibodi. Pamenepo ndi pamene amakonda kusupuka.

Ikagwera pa C, khudzitsani nsonga ya waya uja pa chitsulo choyera cha injini kwa kamphindi, kungowerenga kamodzi, kawiri, n'kuchotsa. Musamusiye pamenepo, mungawotche geji. Chabwino koposa ndi kudutsitsa pa babu laling'ono lopimira magetsi. Mnzanu akati singano ikukwera, dziwani kuti fyuzi, geji ndi waya zonse zili bwino, ndipo wotsala ndi sensa. Akati siyikusuntha, sensa isiyeni kaye. Onani fyuzi, kenaka waya ngati sanaduke, kenaka polumikizira kuseri kwa dashibodi. Geji imakhala yomaliza kuikayikira, chifukwa pa zitatuzi ndi imene siifa kawirikawiri.

Pano ndichenjeze. Kukhudzitsa waya pa chitsulo ndi kwa sensa ya waya mmodzi basi. Magalimoto okhala ndi kompyuta amakhala ndi sensa ina ya mawaya awiri kapena atatu imene imalankhula ndi kompyutayo. Imeneyo musaiyese motero, mungawononge chinthu chodula kwambiri. Ndipo ena, monga ma Honda Fit ambiri amene adzaza m'misewu ya Gweru, alibe singano n'komwe, ali ndi kanyali kabuluu ndi kofiira. Zimene ndikunena lero ndi za magalimoto akale a singano.

Sensa nayo musaitaye musanaipime. Injini ili yozizira, imasuleni. Ikani multimeter pa ohms, chingwe chimodzi pamene pamalowa waya, china pa thupi lamkuwa. Lembani nambala imene mwaona. Kenaka tenthetsani madzi m'kapoto pa mbaula, mumize nsonga yokha ya sensa. Nambala iyenera kutsika mosadumpha pamene madzi akutentha. Pa masensa ambiri akale imayambira pa mahandiredi a ohms n'kufika pa makumi ochepa madzi akamawira. Ikangoima malo amodzi, kapena ikamadumphadumpha, sensa yafa. Pogula ina, tengani yakaleyo m'thumba ndipo tchulani mtundu wa injini. Masensa amafanana nkhope koma manambala awo ndi osiyana, ndipo yolakwika idzanamiza geji yabwinobwino. Poimanga musakulunge tepi yoyera ya mapaipi pa mazinga ake, chifukwa sensa ya waya mmodzi imapeza ethi kudzera m'mazinga omwewo.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zimasocheretsa anthu. China ndi ichi: masana singano ili bwinobwino, koma mukayatsa nyali zazikulu imakwera, mukazimitsa imatsika. Injini singatenthe ndi kuzizira pa kamphindi kotero. Imeneyo ndi ethi yofooka. Masulani chingwe cha ethi cha pa batire ndi chija cholumikiza injini ku thupi la galimoto, palani dzimbiri ndi sandipepa, mangani zolimba. China ndi ichi: geji ya mafuta ndi ya kutentha zikunama pamodzi, zonse zakwera kapena zonse zagwa. Pa magalimoto akale ambiri awiriwa amadyera mbale imodzi, kachipangizo kotchedwa voltage stabiliser kuseri kwa dashibodi. Ana awiri akadwala m'mimba tsiku limodzi, timayamba tafunsa chimene adya.

Ndikupatseni zitsanzo ziwiri zimene ndinaona ndi maso. Mayi wina wogulitsa masamba anabwera ndi Mazda 323, singano ili pa H. Kwina anali atauzidwa kuti agule radiyeta ndi pampu ya madzi, ndipo anali atayamba kale kufunsa ngongole. Amalume anandiuza kuti ndizule waya pa sensa. Singano sinagwe. Titatsata wayayo tinapeza atasupuka kuseri kwa injini, mkuwa uli pa chitsulo. Tinadula, tinalumikiza, tinakulunga tepi ya magetsi. Mayiwo analipira ntchito ya theka la ola.

Chitsanzo chachiwiri ndi chowawa. Kombi ina inabwera chokokedwa kuchokera ku Boterekwa, msewu wokhotakhota wa m'mapiri a ku Shurugwi. Dalaivala analumbira kuti singano sinafike pa H. Ankanena zoona, ndipo titapima, geji ndi sensa zonse zinali zamoyo. Chinachitika n'chakuti paipi inang'ambika, madzi anatha msanga, sensa inatsala m'malere. Sensa imapima madzi amene yamizidwamo, ndipo madzi akachoka imasowa chopima, singano imatha kukwera pang'ono n'kugwanso pamene injini ikupsa. Silinda hedi inapindika, gasiketi inapsa, kombi inakhala pagalaja milungu yambiri mwini wake akusaka ndalama. Ndiye mvetsetsani: singano yogwa mwadzidzidzi muli pa chikwezo si nkhani yabwino. Mukamva fungo la kupsa, mukaona nthunzi, injini ikayamba kufooka kapena kugogoda, kapena hita ikayamba kutulutsa mphepo yozizira, imani pambali ndi kuzimitsa, kaya singano ikuti chiyani.

Mukaima, chonde musatsegule chivundikiro cha radiyeta. Ku Gweru, kumene kuli mamita pafupifupi 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi a m'poto amawira pa madigiri pafupifupi 95. M'radiyeta madzi amapitirira madigiri 100 osawira chifukwa chivundikirocho chawapanikiza. Mukachimasula, amawira onse nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo, mpaka paipi ya pamwamba ifewe ndipo mutha kuigwira. Pamenepo phimbani chivundikiro ndi nsalu yokhuthala, masulani pang'onopang'ono. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha kwambiri, chitsulo chimang'aluka. Mukapeza oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena thovu likutuluka m'radiyeta injini ikulira, gasiketi yapita, galimoto isayendenso.

Kwa inu madalaivala, pempho langa ndi lakuti geji yakufa musayende nayo ponena kuti galimoto yanga ndimaidziwa. Sensa ndi imodzi mwa zipangizo zotchipa pa injini yonse. Kwa inu amayi ndi abambo amene mumakwera, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu mukaona singano yafika pofiira, kapena ili gone pa C galimoto itayenda kale mtunda. Safunsa anadya phula. Kwa inu achinyamata, ndondomeko ndi imeneyi: madzi, paipi ya pamwamba, kuzula waya, kukhudzitsa waya, fyuzi ndi ethi, kenaka sensa m'madzi otentha. Makaniko amene amapima asanatume munthu ku sitolo, anthu amabwereranso kwa iye.

Loweruka m'mawa tidzayesera zonsezi pa galimoto yeniyeni, pamalo pomwe pano. Amene ali ndi multimeter kapena babu lopimira abwere nazo, tidzabwerekana. Atsikana mubwerenso, ntchito imeneyi imafuna maso ndi kudekha kuposa mphamvu. Ngati pali mafunso, ndiyankha tsopano.