Kukonza Chasisi ya Galimoto Yakale Pakhomo

 Lero tikambirana za galimoto zakale. Mukayenda ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi, mupeza galimoto zina zitakhazikidwa pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake. Ena mwa inu muli nayo imene adakusiyirani malume anu. Ena mukuganiza zosonkha ndalama pagulu kuti mugule imodzi, izikunyamulirani mbatata, matabwa ndi ndiwo zamasamba kuchokera kuphiri kubwera nazo ku msika. Maganizo ameneŵa ndi abwino. Koma galimoto yakale ikhoza kukupatsani chuma, ikhozanso kukudyerani ndalama ndi kupha anthu. Zonse zitengera chinthu chimodzi chimene ambiri sachiyang'ana pogula. Chinthucho ndi chasisi.

Kodi chasisi nchiyani?

Chasisi ndi mafupa a galimoto. Mukagwada ndi kusuzumira pansi pa Land Rover, Toyota Hilux kapena lole ya Bedford, muona zitsulo ziŵiri zazitali zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pakati pake pali zitsulo zina zopingasa, ngati makwerero atagonekedwa pansi. Imeneyo ndiyo chasisi. Injini, masipuling'i, chiongolero, thanki ndi bodi, zonse zimamangidwa pamenepo. Injini ikafa mutha kuikamo ina. Chasisi ikathyoka muli paulendo, zonse zimathera pomwepo.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zilibe chasisi yapayokha, bodi yake ndiyo mafupa ake. Zimenezo sitizikamba lero.

Zomba idali likulu la dziko lathu mpaka chaka cha 1975, ndipo boma linkayendera kwambiri Land Rover. Galimoto imeneyi idayamba kupangidwa ku England m'chaka cha 1948. Nthaŵi imeneyo nkhondo yaikulu inali itangotha, zitsulo zinali zosoŵa, choncho bodi yake adaipanga ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija amapangira mapoto. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Koma chasisi yake ndi ya chitsulo wamba. Nchifukwa chake mutha kupeza Land Rover yooneka bwino kunja, pamene pansi pake idadyeka kalekale. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yambani ndi mapepala

Musanagwire sipanala, ŵerengani. Chasisi iliyonse ili ndi nambala yake yodindidwa pa chitsulo. Pukutani malowo, lembani nambalayo mu kope lanu, ndipo muifanizire ndi imene ili pa chikalata cha umwini, chija timati bulubuku. Muŵerenge chilembo chimodzichimodzi, osathamanga. Galimoto zambiri zopangidwa kuyambira 1981 zili ndi zilembo ndi manambala 17 pamodzi, ndipo mwa zimenezo mulibe zilembo I, O ndi Q, kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0. Zakale kuposa apo nambala zake ndi zazifupi.

Ngati nambala ziŵirizo zikusiyana, kapena ngati malowo akuoneka opalidwa, musapereke ndalama. Galimotoyo ikhoza kukhala yakuba. Ndipo pokonza, musadule kapena kuotcherera pamene pali nambala. A Road Traffic adzaifuna tsiku lokapimitsa galimoto kuti mulandire COF, chikalata chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pa mseu.

Kupima chasisi

Mdani wa chitsulo ndi dzimbiri. Dzimbiri limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Kuno ku Zomba mvula imagwa yambiri, ndipo kuphiri kumakhala nkhungu ndi mvula yamawawa ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Matope amaloŵa m'kati mwa chasisi nakhala onyowa miyezi yambiri. Choncho chasisi imadyeka kuyambira m'kati, monga momwe chiswe chimadyera mtanda wa nyumba.

Tsukani matope onse, mudikire kuti iume. Kenaka tengani nyundo yaing'ono, muyende mukugogoda chasisi yonse. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee. Chodyeka chimalira mogonthera, ndipo mumamva zinyenyeswa zikugwa m'kati. Pamene mwakayika, bayani ndi sikuludiraiva. Ikaloŵa, zungulizani malowo ndi choko.

Malo anai muŵayang'ane kaŵiri: chitsulo chopingasa chakumbuyo kwenikweni, pamene pagwira masipuling'i, pamene pamangidwa bokosi la chiongolero, ndi pansi pa batire, chifukwa asidi akadontha amadya chitsulo msanga.

Chotsatira ndi kuona ngati chasisi ili yoongoka. Ikani galimoto pamalo osalala. Mangani kamwala ku ulusi, mulendeŵeretse ulusiwo kuchokera pa bauti ya sipuling'i yakutsogolo kumanzere, mulembe chizindikiro pansi. Chitani chimodzimodzi pa ngodya zonse zinai, pa mabauti ofanana. Tsopano yezani ndi tepi mopingasa: kutsogolo kumanzere mpaka kumbuyo kumanja, kenaka kutsogolo kumanja mpaka kumbuyo kumanzere. Amisiri omanga nyumba amachita zomwezi pa maziko. Miyezo iŵiriyo iyenera kufanana. Ikasiyana kupitirira theka la sentimita, yezaninso. Ikasiyanabe, chasisiyo idapindika pa ngozi. Galimoto yotere imayenda chammbali ngati nkhanu, imadya matayala, ndipo kuiongola si ntchito ya pakhomo.

Ŵerengerani ndalama

Lembani mu kope zonse zofunika: chitsulo cha zigamba, penti, mabauti atsopano, mapaipi a mabuleki, malipiro a mmisiri. Funsani mitengo m'masitolo aŵiri kapena atatu, muonkhetse. Ngati malo ozungulizidwa ndi choko ndi ochepa, pitirirani. Ngati zitsulo zazitali zija zadyeka mbali zonse, lekani. Musataye ndalama za fetereza pa chinthu chakufa. Komabe simwaluza zonse. Ekiselo ndi matayala ake zimapanga ngolo yolimba, ndipo masipuling'i akale osula zitsulo amaŵafuna posula nkhwangwa ndi zikwanje.

Moyo wanu poyamba

Ntchitoyi muigwire m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene chitsulo chili chouma ndipo penti imauma msanga. Musaigwire nokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo injini ndi bodi ndi zolemera kwambiri.

Tsono mvetsetsani apa. Musaloŵe pansi pa galimoto imene yaima pa jeki yokha. Jeki imaterereka. Musaikhazikenso pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mwadzidzidzi, osachenjeza. Ikani zitsa zazikulu za mtengo wolimba, zodulidwa mosalala, ndipo matayala otsala pansi muŵatchinge ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Musanaloŵe, igwedezeni galimotoyo ndi mphamvu. Ngati nkugwa, igwe inu muli panja.

Chotsani batire. Chotsani thanki ya mafuta ndi mapaipi ake, mukaziike kutali. Ena amati thanki yopanda petulo siopsa. Zimenezo nzabodza. Thanki yopanda kanthu imakhala yodzaza ndi mpweya wa petulo, ndipo kamoto kamodzi kokha kakwanira kuiphulitsa.

Pomasula mabuleki akale, musauzire fumbi lake ndi pakamwa. Mabuleki ambiri akale adapangidwa ndi asibesitosi, ndipo fumbi lake limaononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa, kenaka mukataye kansaluko.

Chilichonse chimene mwamasula, chiikeni m'chitini chakechake, mulembe dzina pa kapepala: "chiongolero," "sipuling'i yakumbuyo kumanja." Patapita miyezi iŵiri mudzakhala mutaiŵala, koma pepala siliiŵala.

Kuika zigamba

Palani dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepala mpaka chitsulo chiyere. Valani magalasi otchinga maso. Ntchito imeneyi ndi yanu, ndipo ndiyo imatenga masiku ambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kuotcherera kokha mupatse mmisiri wodziŵa. Wootcherera mafelemu a zitseko si onse angathe chasisi. Funsani amene adaphunzira ntchitoyi, monga omaliza maphunziro m'sukulu za ntchito zamanja ngati Nasawa Technical College m'boma lathu lino, ndipo muone ntchito imene adagwirapo kale. Inu muime pafupi, mudziŵe zoyenera kuchitika.

Choyamba, malo odyeka adulidwe onse mpaka pofika chitsulo chamoyo. Chigamba chomata pamwamba pa dzimbiri chili ngati nsalu yoyera pa bala losatsuka. Dzimbiri limapitirira kudya kunsi kwake.

Chachiŵiri, chigamba chikhale chochindikala mofanana ndi chasisi. Pa Land Rover zakale ndi pafupifupi mamilimita 2. Malata a denga kapena chitsulo cha mgolo sizikwanira. Malata alinso ndi vuto lina: utsi wake poŵaotcherera umadwalitsa.

Chachitatu, pamene pali mng'alu, aboole kabowo kakang'ono kumathero kwake kuti usapitirire. Atatha kuuotcherera, aikepo chitsulo cholimbitsa chosongoka mbali ziŵiri, chonga nsomba. Mzere wootcherera wodutsa chasisi molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi ndiwo umadzang'alukanso.

Chachinai, aotcherere pang'onopang'ono, uku pang'ono, uko pang'ono, kupatsa chitsulo mpata wozizira. Kutentha kwambiri malo amodzi kumapinda chasisi. Akatha, yezaninso mopingasa monga poyamba paja.

Pali zinthu zosaotcherera konse: zitsulo za chiongolero ndi masipuling'i. Zikathyoka, gulani zina. Ndipo ana akhale kutali, asayang'ane moto wootcherera, chifukwa umatentha maso.

Penti

Tsiku lomwelo chitsulo chayera, pakani penti yofiira yoletsa dzimbiri, imene m'sitolo amaitcha red oxide. Ŵerengani pa chitini kuti iume maola angati. Pakani kaŵiri, kenaka penti yakuda pamwamba. M'kati mwa chasisi thirani oilo wokhuthala kudzera m'mabowo ake. Timabowo tapansi musatitseke, ndi totulukira madzi. Chaka chilichonse mvula ikatha, tsukani matope ndi kuthiranso oilo.

Za kusintha chasisi

Apa ndi pamene mtima wofuna phindu umatinyenga. Wina amaonjezera masipuling'i kuti galimoto isamafwamphuke ndi katundu. Wina amatalikitsa chasisi kumbuyo kuti matabwa akwane. Wina amaikweza m'mwamba. Tiyeni tione chimodzichimodzi.

Mukaonjezera sipuling'i, galimoto imaoneka ngati yanyamula bwino, koma mabuleki, ekiselo ndi matayala ndi zomwe zija. Mphamvu zake sizidaonjezeke ai. Mukatalikitsa kumbuyo, katundu amakhala kuseri kwa matayala akumbuyo, kutsogolo kumapepuka, ndipo chiongolero sichimvera pokhota. Mukaikweza, imagubuduzika msanga pa ngodya.

Ganizani za mseu wathu wotsika ku Ku Chawe. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 950 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe ipitirira mamita 2,000. Mseuwo ndi wotsetsereka, wokhotakhota, ndipo mbali ina kuli phompho. Land Rover zakale zili ndi mabuleki a ng'oma ku matayala onse anai. Mabuleki otere akapondedwa nthaŵi yaitali amatentha, ndipo akatentha sagwira bwino. Katundu akachuluka amatentha msanga. Nchifukwa chake woyendetsa wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono, injini izithandiza kugwira galimoto. M'mseu womwewo mumayenda amai osenza nkhuni, anyamata okankha njinga ndi ana ogulitsa zipatso. Moyo wao uli m'manja mwa mwini galimoto.

Galimoto zambiri zili ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene zingathe kusenza. Kafuneni pakhomo la woyendetsa kapena pafupi ndi injini, muŵerenge. Tsono chitani masamu. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Matumba 20 ndi makilogalamu 1,000, ndiye tani imodzi. Mukakweza anthu 5 pamwamba pake, aliyense wolemera makilogalamu 60, mwaonjezera makilogalamu 300, ofanana ndi matumba 6. Munthu nayenso ndi katundu. Kuli bwino kuyenda maulendo aŵiri kusiyana ndi ulendo umodzi wothera ku chipatala.

Kusintha kwina ndi kwabwino: kuika matabwa atsopano pansi pa bodi, kuika mapaipi atsopano a mabuleki, kumanga zotchinga m'mbali kuti matumba asagwe. Koma ngati mukufuna kusintha utali wa chasisi, mtundu wa bodi kapena injini, yambani mwafunsa ku ofesi ya Road Traffic musanadule chitsulo. Safunsa adadya phula.

Mukamanga zonse, yesani galimoto pamalo athyathyathya, yopanda katundu, pang'onopang'ono. Pondani mabuleki muone ngati ikukokera mbali imodzi. Patapita sabata, kunganinso mabauti onse. Ndipo isanyamule munthu kapena thumba isanapimidwe ndi kulandira COF ndi inshuwalansi.

Amai ndi abambo, ndalankhula zambiri. Kabukuka mupite nako kunyumba, mukaŵerengere anzanu amene sadabwere, makamaka anyamata okonda zitsulo aja. Sabata yamaŵa aliyense abwere ndi kope lake, tidzayankhe pamodzi mafunso ali m'munsiŵa. 

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani Land Rover yakale ikhoza kuoneka bwino kunja pamene chasisi yake idadyeka?
2. Tchulani malo anai a chasisi ofunika kuŵayang'ana kaŵiri.
3. Chifukwa chiyani sitikhazika galimoto pa njerwa?
4. Galimoto ikuloledwa kusenza makilogalamu 1,000. Mwakweza anthu 5 olemera makilogalamu 60 aliyense. Kodi mungakwezenso matumba angati a makilogalamu 50?