MANKHWALA A BP AKAKUVUTANI, PEMPHANI ENA

Akhristu anzanga, lero tikambirane za matenda a kuthamanga kwa magazi, omwe ambiri timangoti BP. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi matendawa.

Ena mwa ife amamwa mankhwala otchedwa enalapril. Mankhwalawa amathandiza ambiri, koma anthu ena ochepa amatupa nawo milomo, lilime ndi pakhosi, ngakhale atawamwa kwa miyezi popanda vuto. Mukaona zotere, musawamwenso, ndipo musataye nthawi kufunafuna wokulodzani. Thamangirani kuchipatala chapafupi, kaya cha boma ku Nkhotakota kaya cha St. Anne's, chifukwa pakhosi pakatsekeka munthu amalephera kupuma.

Mukachira, musanene kuti, "Basi, mankhwala a BP ndasiya." BP imapha mwakachetechete: imawononga mtima ndi impso, imafoolanso ziwalo. Mankhwala ake alipo a mitundumitundu, ndipo kupempha ena ndi ufulu wanu. Chitani izi:

1. Pemphani adokotala alembe m'buku lanu la kuchipatala dzina la mankhwala amene adakuvutani. Muzilionetsa paliponse pamene mukulandira chithandizo.

2. Dziwani kuti captopril ndi lisinopril ndi a banja limodzi ndi enalapril. Amene adatupa ndi enalapril asamwenso amenewa.

3. Funsani za amlodipine kapena hydrochlorothiazide, amene amagwira ntchito mwa njira ina. Amlodipine nthawi zina amatupitsa mapazi. Mukaona zimenezi, kanenani kuchipatala.

4. Amayi oyembekezera aneneretu, pakuti enalapril amavulaza mwana m'mimba. Alipo ena oyenera, monga methyldopa.

5. Musabwereke mapiritsi a mnzanu. Osankha mankhwala ndi adokotala atakuyezani.

Kunyumba nakonso tili ndi udindo. Kuno kunyanja timakonda kuwaza mchere wambiri pa usipa ndi pa ndiwo zina zodyera kondowole. Mchere wa munthu mmodzi pa tsiku usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Moyo ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, tiusamale.

Funso lokambirana m'mphakati: Kodi mnzathu amene adasiya mankhwala chifukwa cha mantha, tingamuthandize bwanji kuti abwerere kuchipatala?