Munthu Woipa wa m'Buku: Chaka wa Thomas Mofolo

Nkhani ya lero ndi ya munthu woipa wa m'mabuku, ndi luso limene mlembi amuumba nalo kuti wowerenga asamuiwale.

Aliyense adziwa Fisi wa m'nthano za agogo. Fisi ndi wosusuka, wamantha ndi wopusa. Kalulu akamcenjerera ana amaseka, nakagona tulo tabwino. Palibe amene amuopa, pakuti palibe amene adziona yekha mwa iye. Koma alipo oipa ena amene munthu akatseka buku amakhala nawobe mumtima masiku ambiri. Mmodzi wa iwo ndiye Chaka, monga anamlembera Thomas Mofolo wa ku Lesotho, m'buku la Cisutu limene linasindikizidwa ku Morija m'caka ca 1925. Dzinali si lacilendo kuno, pakuti Angoni a Mpezeni ndiwo zidzukulu za anthu amene anacoka kumwera m'masiku a nkhondo za mfumuyo, naoloka Zambezi m'caka ca 1835. Koma Mofolo sanalembe mbiri yeniyeni. Anatenga mfumu ya Azulu, naonjezapo anthu ndi zocitika za m'mutu mwace.

Poyamba mlembi aonetsa Chaka ali mwana. Akazi ena a atate wace Senzangakhona amuda iye pamodzi ndi amace Nandi, ndipo anyamata anzace amkwapula kubusa popanda mlandu. Atasinkhuka apha mkango umene amuna aakulu anauthawa, napulumutsanso mtsikana wogwidwa ndi cirombo usiku. Malipiro ace ndiwo nsanje ya abale ace, kufikira atate wace yemwe alamula kuti aphedwe. Pofika apa wowerenga ali kumbali ya Chaka. Yense amene anazunzikapo wopanda womnenera, kapena anagwira nchito yolemetsa ulemu nupita kwa wina, akumva kuwawa komweko, ndipo afunitsitsa kuti mnyamatayo apambane.

Ali kuthawa m'thengo, Chaka akomana ndi Isanusi, sing'anga amene amlonjeza ufumu woposa wa atate wace. Apa ndipo pali luso lalikulu la bukuli. Isanusi sabisa kanthu, ndiponso sakakamiza. Anena poyera kuti mankhwala ace afuna mwazi, namfunsa Chaka kangapo ngati afunadi kupitirira. Potsiriza mtengo wace wonse uchulidwa: ufumu wopambana maufumu onse ufuna mwazi wa munthu amene Chaka amkonda koposa. Munthuyo ndiye Noliwa, mlongo wa Dingiswayo, mfumu imene inamlandira Chaka ali wothawa. Apatsidwa nthawi yakuganiza, nasankha ufumu, napha Noliwa ndi dzanja lace, mkaziyo ali ndi pakati.

Mlembi akadanena kuti Chaka analodzedwa, mlandu ukadakhala wa sing'anga, ndipo wowerenga akadangomva cisoni. Akadamlemba wankhanza cibadwire, akadafanana ndi Fisi uja. Koma Mofolo ampatsa zifukwa, osamcotsera mlandu. Njira zinali ziwiri, ndipo mwini wace anasankha maso ali openya. Coopsa n'cakuti zimene zinamuononga ndizo zomwezo wowerenga anamtamanda nazo poyamba, ndiko kulimba mtima ndi kukana kunyozeka.

Kuyambira tsiku limenelo mkondo wace supumanso. Apha ankhondo ace omwe, apha ndi amace Nandi, ndipo nkhope za anthu amene anawapha zimlanda tulo, kufikira abale ace Dingana ndi Mhlangana ambaya. Akulu anati coipa citsata mwini. Mofolo acionetsa cikumlondola munthu kucokera pa kusankha kwace kufikira pa imfa yace.

Tsono inu amene mulakalaka kulemba nthano kapena masewero a pa wailesi, musakhutire ndi kupatsa woipa wanu maso ofiira ndi mau aukali. Muonetse cimene cinamlasa ali mwana, cimene acikonda, ndi cimene acikhumba. Ndipo tsiku limene cikondi ndi cikhumbo zilimbana mwa iye, musamthandize ndi ufiti kapena tsoka. Mlekeni asankhe yekha pamaso pa wowerenga.