MTUNDA NDI MADZI: CIYAMBA KUTENTHA NDI CITI?

Phunziro lathu la Sayansi la lero liyambira ku mapazi anu. Ambiri a inu munapitako kumtsinje masana m'mwezi wa Okutobala mulibe nsapato. Mcenga wa m'mbali mwa mtsinje umaocha kotero kuti munthu amayenda modumphadumpha, koma akangoponda m'madzi mapazi amamva kuzizira. Komatu dzuwa limene lawomba mcengawo ndi lomwelo lawombanso madzi kuyambira m'mawa. Nanga kusiyanaku kwacokera kuti?

Aphunzitsi, musafulumire kuwauza yankho anawo. Aloleni ayese okha. Pezani zitini ziwiri zofanana msinkhu, ndipo m'cimodzi muthire mcenga wouma, m'cinaco madzi, zonse zilekezere pamodzi. Zitinizo zigone m'kalasi usiku wonse kuti m'mawa ziyambe ndi kutentha kofanana, pakuti madzi ongotungidwa kumene pacitsime amakhala ndi kutentha kwakekwake. Mcenga ukhale woumadi. Wonyowa udzakusokeretsani, cifukwa muli madzi kale m'menemo.

Mufunikanso themometa, cipangizo copimira kutentha. Ya kucipatala siyenera pa nchito iyi, popeza ilekezera pa madigiri 42 cabe ndipo sitsika yokha. Themometa ikasweka, mwana asakhudze madzi onyezimira a m'kati mwake, ndi poizoni.

Nthawi ya 9 koloko pimani zitini zonse ziwiri, mulembe pabolodi, kenaka muziike poyera pamene dzuwa liwomba bwino. Pimani pa mphindi 10 ziri zonse kufikira ola lathunthu litakwana. Nsonga ya themometa ilowe sentimita imodzi kapena awiri, muyeso womwewo m'zitini zonse, ndipo isagunde citsulo. Ola likatha, lowetsani zitinizo mumthunzi ndi kupitiriza kupima kwa ola lina. Gawo laciwirili ambiri amalinyozera, koma ndi pamene pali zodabwitsa. Ngati sukulu yanu iribe themometa, ana apisemo zala. Sadzapeza manambala olemba, koma kusiyana adzakumva ndithu.

Inu ana, lembani cimene maso anu aona, osati cimene muganiza kuti aphunzitsi afuna. Mtambo ukaphimba dzuwa, lembani kuti mtambo unaphimba. Manambala a gulu lanu akasiyana ndi a anzanu musafufute, koma funsanani kuti themometa inalowa motani ndipo citini cinali pati.

Tsopano aphunzitsi, mau otsatirawa muwafotokozere ana atatha kuyesa. Adzakhala ataona kuti mcenga unatentha msanga padzuwa, nuyambanso kuzizira msanga mumthunzi, pamene madzi anacedwa pa zonse ziwiri. Cifukwa cacikulu ndi cakuti madzi amafuna mphamvu yambiri kuti atenthe. Kilogalamu imodzi ya madzi ifuna majoule pafupifupi 4,200 kuti ikwere ndi digiri imodzi, pamene kilogalamu ya mcenga wouma ifuna pafupifupi 800 okha. Ndiye kuti madzi afuna mphamvu yoculuka kasanu. Tingayerekeze ndi mtsuko waukulu ndi cikho: mtsuko ucedwa kudzaza, ucedwanso kutha.

Palinso zina zothandizira. Kuwala kwa dzuwa kumalowa pansi m'madzi, ndipo madziwo amasakanikirana, motero kutentha kumagawika ponseponse. Pamcenga kumaunjikana pamwamba pokha. Fukulani mcenga woocha uja ndi dzanja, mudzapeza kuti pansi pake mpozizira. Madzi ena amauluka ngati nthunzi, ndipo pouluka amatenga kutentha n'kupita nako.

Zimene zacitika m'zitini zanu zimacitikanso pa nyanja zathu. Ana a ku Siavonga m'mbali mwa Kariba, a ku Mpulungu pa Tanganyika ndi a ku Samfya pa Bangweulu aidziwa bwino kamphepo kayeziyezi kamene kamacokera kunyanja masana. Mtunda ukatentha, mpweya wa pamwamba pake umapepuka ndi kukwera, ndipo mpweya wozizira wa panyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake. Usiku zimatembenuka: mtunda wazizira kale koma nyanja ikali yofunda, comweco mphepo imacokera kumtunda kulowera kunyanja. Amene muli ndi abale ogwira kapenta usiku muwafunse za mphepo imeneyi, adzakusimbirani zambiri.

Nchito ya sabata lino ndi iyi. Bwerezani kuyesa komweku ndi zitini zitatu: ca mcenga woyera, ca dothi lakuda la kudimba lomwe mwaliumitsa, ndi ca madzi. Musanatulutse zitinizo panja, mwana ali yense alembe m'buku lake cimene aganiza kuti cidzatsogola. Tsalani bwino.